Mkazi Amene Ankadya Sitachi

Kuntchito ankangomutcha Makolala. Dzinalo linabwera chifukwa cha dzanja lake. Akagwira kolala ya shati, kuiwaza sitachi n'kuipsinja ndi simbi yotentha, inkaima njo ngati khutu la galu amene wamva kuitana. Azibambo a m'maofesi akabweretsa mashati awo kwa Madamu, eni ake a malo ochapira ndi kusita zovalawo, ankanenetsa kuti, "Asite ndi mtsikana uja." Madamu ankangoti, "Ndamva," osamwetulira. Kumwetulira ankakuona ngati kuwononga nthawi.

Chipinda chositiramo chinali kumbuyo, chopapatiza, cha zenera limodzi m'mwamba. Munali matebulo awiri oyalidwa mabulangete akale, nthambo zamagetsi zolendewera kuchokera kudenga, ndi chitsulo chachitali chokolekapo zovala zosita. Tebulo lapafupi ndi zenera linali la Makolala. Linalo ankasitirapo Madamu ntchito ikachuluka. Pakona panali chidebe chobiriwira cha sitachi, ufa woyera mbee umene ankausungunula m'madzi kuti ulimbitse nsalu. Kuseri kwa khoma makina ochapira ankalindima tsiku lonse, ndipo Ankolo Thovu, bambo wachikulire amene ankawayendetsa, ankaimba nyimbo zosadziwika mutu wake.

Zinayamba Kadona, mwana wamkazi wa Makolala, akuyamwabe. Tsiku lina akusungunula sitachi, kaufa kanakakamira kuchala ndipo ananyambita osaganizako n'komwe. Kanalira tswii pakati pa mano, kozizirira, kosatsekemera komanso kosawawa. Mawa lake anatsinako dala. Mkuja anatapa ndi zala zitatu. Pamene Kadona ankayamba kuthamanga yekha pakhonde, m'thumba la epuloni ya mayi ake munkakhala kasupuni.

Sanauze munthu. Akanayambira pati? Mkazi wamkulu, wapabanja, kumabwira ufa wositira zovala ngati mbuzi yaona mchere! Ankadikira makina alindime kwambiri, n'kutembenukira kukhoma, supuni imodzi, ziwiri, n'kupukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. Akatero mtima unkakhala pansi, m'mimba munkadzaza, ndipo njala yamasana sankaimva.

Chikhalirecho Makolala sanali munthu wosadziwa za chakudya. Sukulu anaisiyira panjira, koma mutu sanausiye kumeneko. Kuchipatala cha ana, anesi akamaphunzitsa, anzake ankacheza za mawigi ndi za apongozi, iye atatchera khutu. Mbale ya Kadona inkaoneka ngati yojambula pakhoma: phala lothira mtedza wosinja, dzira, masamba ofewa, kachidutswa ka nthochi kapena papaya. Bambo a Kadona anali mmisiri womanga nyumba, wotandala padzuwa ndi njerwa ndi simenti, choncho nyama ikapezeka nthuli zinali zawo, nyemba chipande chodzaza. Iye mwini ankadya chapambuyo, ataimirira: mpunga wothira msuzi wotsalira mumphika, kapena buledi ndi tiyi wakuda bii, makapu awiri.

Panalibe amene anamulamula zimenezi. Anazikonza yekha m'mutu mwake, ndipo ankaziona kuti ndi nzeru. Mwana akumangidwa, afunika zomangira. Bambo akumanga, afunika mphamvu. Nanga iye? Iye anamangidwa kale. Nyumba yotha siifuna njerwa.

Kungoti nyumbayo inayamba kuchita zachilendo. Akakwera masitepe ochepa a kuntchito ankafika pamwamba ali wefuwefu, mtima ukugunda m'makutu. Zikhadabo zinkangothetheka. Simbi imene kale ankainyamula ngati kapu inayamba kulemera ngati mwala. Akawerama n'kuweramuka, chipinda chinkayamba chazungulira kaye chisanaime. Iye ankati ndi kutentha kwa m'chipindamo, n'kumwa tiyi wina.

M'mawa wina Madamu analowa, ananyamula chidebe chobiriwira chija n'kuchigwedeza. Chinalira ngati chiwiya chopanda kanthu.

"Ankolo! Makolala! Tabwerani kuno nonse."

Ankolo Thovu anatulukira akupukuta manja pamimba.

"Tandiuzani," anatero Madamu, "sitachi wa masiku ano akumera miyendo?"

"Mwina ndi makoswe, Madamu," anatero Ankolo. "Akufuna ndevu zolimba. Nawonso amafunsira."

"Sindikuseka nawo ine. Kale chidebe ichi chinkatifikitsa kutali. Pano ndikangogula, ndikatembenuka, chatha. Mashati ndi omwewo, makolala sanachuluke. Wina akutapa n'kumakagulitsa kwa aja atsegula kutsidya kwa msewuwa." Anayang'ana Ankolo, anayang'ana Makolala, n'kuyang'ananso Ankolo. "Ine wakuba sindikambirana naye. Ndikamugwira, khomo ndi ilo, ngakhale atakhala mwana wa mayi anga."

Anachinyamula chidebecho n'kukachitsekera m'kabati ya muofesi mwawo. Kuyambira tsiku limenelo sitachi ankabwera kwa Makolala atasungunulidwa kale m'botolo lowazira.

Makolala anasita tsiku lonselo akuganiza za khomo lija. Ntchito imeneyi ndiyo inkagwira denga la kunyumba kwawo. Zomangamanga zili ndi nyengo yake. Mvula ikalimba bambo a Kadona ankakhala pakhomo, ndipo lendi, sopo ndi mazira a Kadona zinkachokera patebulo lapazenera lija. Analumbira chamumtima kuti basi, wasiya. Kasupuni kaja anakaponya m'bini.

Koma chilakolako sichinapite ndi supuni. Chinkamugwira kukhosi ngati ludzu. Akamawaza kolala, kafungo kaufa kankamukwera m'mphuno, malovu n'kudzaza m'kamwa. Ankaluma lilime, n'kumwa madzi, n'kulumanso.

Masana ena akusita jekete yoyera ya wophika wa kuhotela, mdima unangoti phi m'maso mwake. Anagwira m'mphepete mwa tebulo kuti asagwe. Mmene kunkayeranso, fungo la nsalu yopserera linali litadzaza m'chipindamo, ndipo pamsana pa jeketeyo panali chithunzi cha simbi, chofiirira, chokwanira bwino ndi mphuno yake yomwe.

Madamu anaitembenuza jeketeyo uku ndi uku kwa nthawi yaitali.

"Chiyambire sunandiwotcherepo kanthu," anatero. "Chifukwa cha chimenecho, iyi ndaimeza. Yachiwiri sindidzameza. Wamva?"

"Ndamva, Madamu. Pepani."

"Pepani savala munthu."

Madamu atatuluka, Ankolo Thovu anasuzumira pakhomo. "Mwanawe, nkhope yakoyi yayamba kufanana ndi mashiti anga. Ukudwala?"

"Ndi kutentha, Ankolo."

"Kutentha kumadetsa munthu, sikuyeretsa ayi," anatero Ankolo, n'kubwerera kumakina awo.

Sipanapite nthawi, tsiku lina Madamu anali kutsogolo akukangana ndi mayi wina za batani losowa, ndipo anakuwa kuti, "Makolala, tanditengera mahang'ala muofesimo!" Analowa. Mahang'ala anali pampando. Kabati inali yotsegula, makiyi akulendewera pachitseko, chidebe chobiriwira chili pomwepo, chivundikiro chili chopendekeka.

Pambuyo pake ankati akaganiza, sankakumbukira kuti anasankha. Dzanja linangopita lokha. Anabwira kamodzi, maso ali chitsinzinire, thupi lonse n'kumasuka ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Anabwiranso.

"Mahang'ala aja akuchita kupangidwa?"

Madamu anali pakhomo. Makolala anatembenuka masaya ali tutumu, ufa uli mbuu pamilomo, pachibwano mpaka pachifuwa. Anayesa kulankhula, koma m'kamwa munangotuluka kautsi koyera.

"Meza kaye," anatero Madamu.

Anameza movutikira, misozi ikulengeza.

"Ndiye kuti sumagulitsa?"

Anapukusa mutu.

"Umadya?"

Anagwedeza mutu.

"Zidebe zonse zija? Iwe wekha?" Madamu anakhala pampando, pamwamba pa mahang'ala pomwepo, osamva n'komwe. "Mayo ine. Anthu amaba kuti akagule chakudya. Uyu akudya kampani yeniyeniyo." Kenako anati, "Vula epuloni."

Makolala anavula. Anaipinda bwinobwino, ngodya ndi ngodya, chifukwa manja ake sankadziwa kupinda mwamtundu wina. Anakatenga kachikwama kake kuseri kwa chitseko, anaima pakhomo la kumakina n'kunena kuti, "Tsalani bwino, Ankolo." Mawu ake anamira m'phokoso. Analunjika kuchipata akuganiza za mmene akawauzire bambo a Kadona.

"Ukupita kuti?" Madamu anali ataima pafupi ndi kagalimoto koperekera zovala, makiyi ali m'manja. "Ndakuuza kuti uzipita? Kwera."

M'galimotomo masuti a anthu ankagwedera kumbuyo m'mapepala awo apulasitiki. Madamu ankayendetsa ngati mmene ankalankhulira, mosanyengerera.

"Uli ndi pakati?"

"Ayi, Madamu."

"Kunyumba kulibe chakudya?"

"Chilipo."

"Mwamuna wako amakumana?"

"Ayi ndithu. Ndi munthu wabwino."

"Nanga n'chiyani? Wazungulira mutu?"

"Mwina," anatero Makolala motsitsa mawu. Ndi zimene nayenso ankaopa.

"Zaziii. Wamisala sasita kolala ngati iwe."

Kuchipatala anakhala pabenchi mpaka dzuwa linapendeka. Nesi amene anawalandira anali mayi wojintcha, wa magalasi olendewera pachingwe. Madamu ndi amene anafotokoza, chifukwa Makolala ankangoyang'ana pansi. Nesiyo sanaseke, sanadabwenso. Anamukoka chikope cham'munsi n'kusuzumira, anamutambasula zikhatho, anamuona lilime, kenako anamubaya chala n'kutenga kadontho ka magazi.

Atabwerako anati, "Asisi, magazi anu ndi ochepa kwambiri. Mukuyenda bwanji?"

"Ndimangoyenda."

"Eetu, azimayi mumangoyenda mpaka tsiku logwa. Tamverani, sitachiyu musachite naye manyazi. Si misala, si umbava. Thupi likasowa ayironi, amene limapangira magazi, nthawi zina limapempha zinthu zolakwika. Ena amadya dothi, ena makala, ena amatafuna ayezi tsiku lonse. Inu munapeza chimene chinali pafupi. Vuto lake n'lakuti chimakutsekani njala, ndiye chakudya chenicheni chimasowa malo."

Makolala anadzutsa mutu koyamba. "Ndiye alipo ena?"

"Ambirimbiri. Muli ndi mwana?"

"Mmodzi, wamkazi."

"Dzulo anadya chiyani?"

Apa ndiye Makolala anawongoka. Anayala zonse: phala la mtedza m'mawa, nthochi, masana mbatata yofiira ndi nyemba zosinja ndi masamba, madzulo dzira ndi mpunga wothira tomato. Anawonjeza kuti amathiramo kamafuta pang'ono chifukwa anamva kuti zina za m'masamba sizilowa m'thupi popanda mafuta.

"Mwamva, mayi?" nesi anauza Madamu. "Awa akhoza kundilanda ntchito. Chopatsa mphamvu chilipo, chomanga thupi chilipo, choteteza ku matenda chilipo. Chabwino. Nanga inuyo munadya chiyani?"

Makolala anayang'ana kudenga. "Tiyi ndi buledi."

"Masana?"

"Sindinamve njala."

"Madzulo?"

"Mpunga. Ndi msuzi."

"Msuzi wa chiyani?"

"Wa nyemba."

"Nyembazo zinapita kuti?"

"Kwa bambo ake." Ataona kuti onse awiri akumuyang'ana, anadziteteza. "Mwana akukula, anesi. Bambo ake amanyamula zolemera. Ine ndinakula kale. Nyumba yotha siifuna njerwa."

Nesi anavula magalasi n'kuwasiya alendewere. "Ndani anakuuzani kuti munatha? Thupi la munthu silitha kumangidwa, asisi. Magazi muli nawowa si omwe munabadwa nawo. Amakalamba, amafa, thupi n'kupanga ena, tsiku ndi tsiku mpaka kumanda. Khungu chimodzimodzi, minofu chimodzimodzi. Tsono inu munagawira mwana magazi ali m'mimba, ena munataya pobereka, mwamuyamwitsa, ndipo mwezi uliwonse mumatayanso ena. Zonsezo zikutuluka. Zolowa ndi buledi ndi tiyi. Buledi ndi mpunga si zoipa, zimakupatsani mphamvu yoimirira, koma magazi sizipanga."

"Ndiye ndizidya chiyani? Nyama tsiku lililonse sitingakwanitse."

"Sindinati nyama tsiku lililonse. Mbale ya mwana ija, ipangeni yaikulu, ikhale yanu. Nyemba zenizenizo, osati madzi ake. Masamba obiriwira kwambiri. Dzira. Tinsomba touma todya ndi mitu yomwe. Chiwindi mukachipeza, ngakhale kamodzi pa sabata. Mukamadya nyemba kapena masamba, pakhale tomato, lalanje kapena kandimu, zimathandiza thupi kukoka ayironiyo. Ndipo tiyi wanu wakudayo asamayendere limodzi ndi chakudya, amatsekereza. Muzidya, papite nthawi, kenako muzimwa."

Anamupatsa mapilitsi owonjezera magazi ndi mankhwala a njoka zam'mimba, n'kumuchenjeza kuti akaona chimbudzi chakuda asathamangire kulira maliro, ndi mapilitsiwo.

Madamu anafunsa funso limene Makolala ankaliopa. "Angaime pa simbi?"

"Panopa ayi. M'chipinda chotentha, chiimirire tsiku lonse, adzagwera pasimbipo. Adikire magazi akwere. Abwerenso tidzaone."

Pobwerera Makolala sanaone msewu. Wosita amene sangasite ali ndi ntchito yanji? Anayamba kuwerengera m'mutu nyumba zimene angakapemphe kuchapa. Atafika pachipata, Madamu anazimitsa galimoto koma sanatsike.

"Tamvera. Patebulo lako ndiikapo munthu wina, chifukwa makolala sadikira magazi a munthu. Iwe uzikhala pampando kutsogolo, uzipinda zovala ndi kusokerera mabatani. Magazi akabwera, tebulo ndi lako. Akapanda kubwera, sindingasunge tebulo mpaka kalekale, ndine wabizinesi, si mayi ako. Ndipo masana uzidyera pamaso panga. Ndizionamo m'mbalemo."

"Madamu, sitachi yense uja…"

"Ukufuna undibwezere? Uli naye pati? Tsika, ukundichedwetsa."

Madzulo a tsikulo, Kadona akusewera ndi zivundikiro za mapoto, Makolala anawauza bambo ake zonse, kuyambira kasupuni mpaka kwa nesi. Iwo anali atakhala pampando, mapazi otuwa ndi simenti ali m'beseni. Anamvetsera osamudula. Atamaliza anati, "Ine ndimayesa mumadyeratu pophika, mayi a Kadona. Ndimati mukandipatsa nthuli zitatu ndiye kuti zanu mwadya kale."

"Mumagwira ntchito yolemetsa."

"Inu mumagwira yopepuka? Simbi ija ndinainyamulapo ine." Anapukusa mutu. "Ndiye mwati chiyani, nyumba yotha siifuna njerwa? Mukanandifunsa ine mwini ntchito. Theka la ntchito zanga ndi nyumba zakale. Apa mng'alu, apa pulasitala wagwa, apa denga likudontha. Nyumba imene eni ake amati inatha ndi imene imagwera anthu."

"Musandinyoze, ndanyozeka kale lero."

"Sindikunyozani. Ndikudzinyoza ndekha. Ndakhala ndikunenepa pafupi ndi munthu akufota, maso ndili nawo." Anatulutsa mapazi m'madzi. "Kuyambira lero mphika uzibwera pano, tizigawa tonse tikuona. Ndipo muzidya mutakhala pansi. Wodya chiimirire ndi wakuba."

"Mawu amenewo lero ayi," anatero Makolala, ndipo onse awiri anaseka, iye akupukuta m'maso.

Poti anali munthu wosachedwa ndi kudandaula, anaigwira nkhani ya magaziyo ngati ntchito. Nyemba ankaviika m'mawa asananyamuke kuti zisadye makala ambiri. Anagwirizana ndi wogulitsa nyama wa pakona kuti azimusungira kachidutswa ka chiwindi. Masamba anasiya kuwawiritsa mpaka kuda. Ankangowafwafwaza pang'ono, madzi ake osataya. M'zitini zakale za penti zimene bambo a Kadona anabweretsa, atazitsuka bwino, anadzalamo masamba ndi tomato pakhonde. Mapilitsi ankamuchititsa nseru masiku oyamba, koma ankameza, Kadona akumuombera m'manja ngati mmene iye ankamuombera akamwa mankhwala.

Kuntchito, nthawi ya nkhomaliro ikakwana, Madamu ankagogoda patebulo ndi cholembera. "Tsegula." Makolala ankatsegula kontena yake. Madamu ankasuzumira ngati wapolisi wapamsewu. "Chobiriwira chili kuti?" "Chili pansi pa mpunga, Madamu." "Fukula ndione." Ankolo Thovu anadzipatsa udindo wolonda ketulo. Makolala akangoiyandikira atangotha kudya, iwo ankaikumbatira. "Pita uko! Tiyi ndi wa anthu a magazi. Iwe bwera dzuwa likafika pawaya apo." Ndipo tsiku lililonse ankatulutsa lalanje m'thumba la ovolosi, akuti mtengo wa kwawo ukungotaya, ngakhale Makolala anawaonapo akugula pamsewu.

Chimene chinkamudya mtima chinali mtsikana watsopano amene Madamu anamuika patebulo lake. Akanakhala waulesi zikanakhala bwino. Koma anali wachangu, waulemu, ndipo makolala ake, ngakhale sankaima njo, sankagwanso. Makasitomala ena anasiya kufunsa za "mtsikana uja." Makolala ankasokerera mabatani kutsogolo, khutu lili kumbuyo, akumva simbi yake ikufwenthera m'manja mwa munthu wina. Ankati akaganiza zimenezo, ankatsegula kontena n'kumaliza nyemba zotsala.

Kusintha kunabwera mwakachetechete. Tsiku lina anazindikira kuti wafika pamwamba pa masitepe akulankhula ndi Ankolo, osapumira. Tsiku lina anamunyamula Kadona kuchokera kumsika mpaka kunyumba. Ndiye tsiku linanso mtsikana watsopano uja anatayira sitachi pansi, Makolala n'kugwada kumuthandiza kuwola. Ufa unali m'manja monse. Anauyang'ana, anaununkhiza, n'kudikira kuti malovu abwere. Sanabwere. Unali ufa wositira zovala basi. Anakasamba m'manja, ndipo ali kumpopiko anapezeka akulira, madzi akungotayika.

"Ukulira chiyani, wapsa?" anafunsa Ankolo.

"Ayi, Ankolo. Sindikumufuna."

"Ndani, mwamuna wako?"

"Sitachi!"

"Ohoo. Ukwati umenewo unayenera kutha," anatero Ankolo. "Tseka mpopi, Madamu angatidye."

Tsiku lobwerera kuchipatala anapita yekha. Nesi wa magalasi uja anamukoka chikope n'kunena kuti, "Eya, muno mwayamba kuoneka munthu." Anamubayanso chala. Magazi anali atakwera, osafika penipeni, koma okwanira kuti abwerere pa simbi, bola azipumira, azimwa madzi, ndipo mapilitsi apitirize kwa miyezi ina ngakhale akumva bwino. "Ndipo mbale ija si mankhwala oti mukachira musiye," anatero. "Ndi ya moyo wonse."

"Zikomo, anesi. Munandichotsa manyazi."

"Manyazi sachiza munthu. Pitani, kunja kuli mzere."

Anafika kuntchito thukuta lili kamukamu, n'kuwauza Madamu zimene nesi ananena, mawu ndi mawu, osawonjeza. Madamu anamvetsera akupinda thaulo. Kenako analowa kumbuyo, Makolala akuwatsatira mtima uli m'mwamba. Mtsikana watsopano anali patebulo lapazenera.

"Iwe," anatero Madamu kwa mtsikanayo, "samukira patebulo ilo. Kuyambira lero mashiti ndi mathalauza ndi zako, ine msana wanga watopa. Mashati abwerera kwa mwini wake." Anatembenukira kwa Makolala. "Waimiranji? Ukufuna ndikuimbire nyimbo?"

Makolala anagwira simbi. Inali yopepuka. Anayala shati yoyamba, anaiwaza, anapsinja, nthunzi n'kukwera kuzenera. Anafuna kunena kanthu, koma mmene ankatembenuka n'kuti Madamu atapita kale kutsogolo, akukalipira munthu wina za risiti.

Mawu othokoza anamulemera sabata yonse. Madamu sanali munthu woti ungamugwadire. Akanakufunsa ngati wataya ndolo. Kuwagulira nsalu, akanati wawononga. Koma pa miyezi imene anakhala kutsogolo ija, Makolala anaona chinthu chimodzi. Madamu, amene ankafukula mpunga wa anzawo kufunafuna masamba, iwo nkhomaliro yawo inali mabisiketi ndi botolo la chakumwa chotsekemera, akudya chiimirire, foni ili kukhutu.

Lolemba lotsatira, cholembera chitagogoda patebulo, Makolala anatulutsa makontena awiri. Imodzi anatsegula pamalo pake. Inayo anaikankhira kwa Madamu, pamodzi ndi supuni yokulunga m'kansalu. Munali nyemba, chiwindi chokazinga ndi anyezi ndi tomato, masamba pambali, ndi mbatata ziwiri.

"Ichi n'chiyani?"

"Nkhomaliro, Madamu."

"Ndakuuza kuti ndili ndi njala?"

"Ayi. Nanenso sindinkamva njala."

Ankolo Thovu anatsokomola n'kuyang'ana kudenga. Mtsikana watsopano anabisa nkhope kuseri kwa shiti. Madamu anamuyang'ana Makolala nthawi yaitali, ndipo iye sanagwetse maso.

"Mwana iwe wayamba mwano," anatero Madamu. "Magazi akuchulukira."

"Khalani pansi, Madamu. Mpando uwu."

Anakhala. Anayika foni chafufumimba, analawa nyemba, anatafuna pang'onopang'ono ngati akufufuza cholakwa.

"Mchere wachepa."

"Wambiri si wabwino, anatero anesi."

"Anesi, anesi. Ndinakuperekeza ndine, lero ukundiphunzitsa." Anatapanso, ulendo uno ndi chiwindi. Kasitomala anagogoda pakauntala, ndipo Madamu, osadzutsa mutu, anakuwa kuti, "Dikirani pang'ono, bambo, tikudya!"

Anadya mpaka supuni inayamba kukokota pansi. Kenako anaikankha kontenayo n'kupukuta pakamwa.

"Mawa nyemba ndi mafuta ndigula ine," anatero. "Iwe uzingophika. Ndipo uphikeko zambiri, nkhalamba iyi yakhala ikundiyang'ana m'kamwa chiyambire."